Kuseri kwa Gome Lachiwiri

Kuchigwa cha Luangwa mwala ndi mlendo. Mutha kuyenda tsiku lathunthu kuchokera ku Lupande mpaka kumtsinje waukulu, phazi lanu n'kumaponda mchenga, dongo lakuda long'ambikang'ambika ndi ndowe za njovu, koma mwala woti mugendere galu wakuba osaupeza. N'chifukwa chake tsiku limene a Jairos anaimirira pamaso pa mpingo n'kulonjeza kuti tchalitchi chatsopano chidzakhala ndi magome awiri a miyala olembedwa Malamulo Khumi, anthu anawomba m'manja mwaulemu koma akuseka chamumtima. Akazi awo, a Tabeth, sanadikire n'komwe kuti afike kunyumba.

"Atate ake Ennie, miyala yanuyo mukaitenga kuphiri la Sinai?"

"Mulungu adzaonetsa," anayankha a Jairos, n'kufulumiza mwendo kuti nkhaniyo ithere pomwepo.

Sikuti anali munthu wolonjeza za m'maloto ayi. Pa unyamata wawo anapita ku migodi, koma pansi sanatsikeko. Anagwira ntchito ndi amisiri omanga mpaka dzanja lawo linazolowera njerwa. Nthawi ina anamanga nawo nyumba yopemphereramo Ayuda m'tauni ina ya kumeneko, ndipo ndi iwo amene anakweza pamwamba pa khomo magome awiri ozungulira kumutu. Panali nkhalamba ina yachiyuda imene inkabwera tsiku ndi tsiku kudzaonerera ntchito, yokonda kucheza kuposa kudya. Inawauza kuti magomewo anali awiri chifukwa lina linali la munthu ndi Mulungu wake, linalo la munthu ndi mnzake, ndipo panalibe lolemera kuposa linzake. Inati mawu ake anaboola mwala mpaka kuseri, kotero kuti magomewo analibe mbali yobisapo kanthu. Koma chimene chinawakhala mumtima a Jairos chinali cha zilembo. Akuti Mose potsika m'phiri sankamva kulemera konse, popeza zilembozo ndizo zinkanyamula miyala. Koma zitaona anthu akuvinira mwanawang'ombe zinauluka kubwerera kwawo, miyala ija n'kulemera moti munthu sakanatha kuigwira. Nkhani imeneyi a Jairos anabwera nayo kumudzi m'malo mwa njinga, ndipo anaikamba pamaliro, paukwati ndi pamsonkhano wa akulu a mpingo, mpaka anthu ankaimaliza m'mitima eni ake akadali pakati.

Zaka zimenezo Boma linali litatseka dziko la kutsidya, ndi zigawo zina za tsidya lino, kuti likhale la nyama zokhazokha. Pomwe malire sanatsate mtsinje anaikapo miyala ya simenti, yafulati ngati chitseko chaching'ono, yodindidwa zilembo za Boma ndi nambala. Umodzi unaima m'mabango kuseri kwa dziwe la Chankhanga, limene Luangwa analisiya posintha njira yake, ndipo unaligawa dziwelo pakati: nsomba za kuno za anthu, za uko za ng'ona.

Amene mwalawo unkamuwawa kwambiri anali Edmund, msodzi, mkamwini wa a Jairos. Anachokera kumudzi wina kudzamanga kwa mkazi wake Ennie monga mwa mwambo, ndipo pamaso pa apongozi ake anali wozizira ngati madzi a mumtsuko. Akawaona akubwera ankapatuka panjira n'kunjuta, maso pansi, akuwomba m'manja, ndipo zaka zinayi zonse sanawayang'anepo kumaso. Koma pamowa linkatuluka lilime lina. Mudzi wonse unamumva, osati kamodzi, akulumbira kuti tsiku lina mwala wa Bomawo adzauzula n'kuuponyera ng'ona.

Chaka chomangidwa tchalitchicho mvula inachita kunyanya, madzi analowa mpaka m'minda ya mapira. Ataphwa, a Jairos ankayendera dimba lawo m'mphepete mwa dziwe m'mawa wina, ndipo anaona kanthu kafulati katatulukira m'matope. Anafukula ndi khasu. Unali mwala wosalala, wosweka pakati ndendende, zidutswa ziwiri zofanana ngati zochita kuyeza. Anagwada m'matope momwemo, misozi ikutsikira m'ndevu. Tisawanamizire: pa ola limenelo sankadziwa kanthu.

Anaitanitsa mkamwini wawo, popeza katundu wolemera wa mpongozi ndi wa mkamwini. Anamangirira zidutswazo pamtengo ndi luzi, nazinyamula maulendo awiri mpaka kumsasa wa kudimba. Kumeneko Edmund ankathira madzi, iwo akukwecha ndi udzu. Chidutswa choyamba chinayera mbali zonse. Atatembenuza chachiwiri, matope anatsika pang'onopang'ono, ndipo zinatulukira zilembo ziwiri za Boma ndi nambala 14.

Edmund sankadziwa kuwerenga, koma chizindikiro chimenecho ankachidziwa kuposa nkhope ya mwana wake. Chikho chinaima m'mwamba, madzi akudontha. Kuseri kwa mabango nang'omba zinkalira chapansipansi, kulira kwawo kuja kokhala ngati ng'oma ya kutali.

"Madzi ndiwo abweretsa," anatero a Jairos, akulankhula ndi mwalawo. "Ife sitinazule kanthu."

Edmund anaika chikho pansi, nawomba m'manja kawiri.

"Ndamva, atate."

Akanatuma uthenga kukampu ya magemugadi, asilikali olondera nyama aja, nkhani yonse ikanatha tsiku lomwelo ndi zikomo. Koma munthu amene walonjeza pamaso pa mpingo, akazi ake n'kumuseka panjira, mtima wake umadziwa kuwerengera mochenjera. Boma lili ndi simenti yodzaza sitima, anatero a Jairos mumtima. Mulungu m'chigwa muno alibe ngakhale mwala umodzi. Pofika madzulo anali atakhulupirira ndithu kuti chigumula chija chinatumidwa chifukwa cha iwo.

Anasema miyezi iwiri kumsasa komweko, osalola munthu kufikako, ati ntchito yopatulika siionedwa ili theka. Anazunguliza mitu ya magomewo monga anaonera ku migodi, nawapala ndi mchenga ndi madzi mpaka anasiya kuoneka ngati simenti. Zilembo anazikumba chimodzichimodzi ndi chitsulo chosulidwa ku khasu lakale, nazidzaza ndi mwaye wosakaniza ndi mafuta a nsatsi kuti zide bii. Chidutswa cha nambala chija chinagwera kukhala gome lachiwiri, la munthu ndi mnzake. Posema lamulo loletsa kuba chitsulo chinaterereka n'kuwang'amba chala, ndipo anapukuta msanga magazi asanalowe m'mwala. Kenako anawamanga magomewo m'khoma kuseri kwa guwa, msana wake utakwiririka m'njerwa ndi dothi.

Tsiku lotsegula tchalitchi anthu anabwera kuchokera midzi isanu. Amayi analulutira mpaka mawu kusasa, ndipo a Tabeth omwe anavina. Pasanathe mwezi panayambika chizolowezi chimene palibe anachilamula: anthu awiri akakangana za mono wobedwa kapena za mawu onamizirana, ankalowa m'tchalitchi, woganiziridwayo n'kuika dzanja pa magomewo n'kulumbira. Mphunzitsi wa mpingowo, a Langford, poyamba anakana, ati mwala si Mulungu, koma ataona kuti milandu ikutha msanga anangoyang'ana kumbali. Kunamvekanso kuti mayi wina amene analumbira monama dzanja lake linatupa. Kaya linali bodza lakelo, kaya ndi mavu a padenga, anthu sanafune kufufuza. Chimene ankadziwa n'chakuti pamiyala ya a Jairos sanamirapo.

Zonsezi Edmund ankazionera kumpando wakumbuyo, ndipo pamowa anasiya kukamba za mwala wa Boma. Koma msodzi ndi msodzi. Poona kuti m'mabango mulibenso choimika malire, anayamba kutchera miono yake mbali ya ng'ona ija, kumene nsomba zinali zonenepa ndi zopusa.

Mwezi wa Okutobala unafika ndi dzuwa lake lophika mutu. Udzu unapsa, nyenje zinalira m'mitengo ya tsanya osapuma, ndipo magemugadi anayamba kuyendera malire monga ankachitira chaka ndi chaka tchire likayera. Lamlungu lina anthu potuluka m'mapemphero anapeza mmodzi wa iwo, Benson, atakhala pansi pa mvunguti, mfuti ili pamiyendo, pambali pake pataunjikidwa miono itatu. Sanali munthu wankhanza. Kwawo ankaimba kwaya. Koma miyala ya malire inali m'manja mwake, ndipo mzungu wa nyama anali atamuuza kuti ukasowa umodzi, lamba ndi chipewa azisiya pakampu.

"Mwaswera bwanji, akuluakulu," anatero ataimirira. "Ine sin'nabwere na ndeo. Bikoni namba fourteen kulibe, mwala wa malire uja wa ku Chankhanga. Manje miono iyi napeza kumbali ya Boma. Ni ya ndani?"

Edmund anatuluka pagulu. "Miono ndi yanga, bwana. Koma mwala sindinazule."

"Za miono osadandaula, nizatentha chabe, yatha. Koma iwe mudzi wonse unakumva kuti uzaponya bikoni kung'ona. Bwana akuti wamene anachosa, six months mu jele ku Fort Jameson, na ntchito yakalavulagaga. Lole ibwera pa Friday."

Ennie, mwana wake Alice ali kumbuyo, anagwira mutu. Apa m'pamene a Langford, pofuna kuthandiza, anatsegula pakamwa, ndipo zikanakhala bwino akanapita kukadya.

"A Benson, kuno tili ndi njira yathu. Mnyamatayu alowe, aike dzanja pa Malamulo, alumbire. Pamiyala ija palibe amanama."

Benson anaganiza pang'ono, navula chipewa.

"Naine ndine Mkhristu, aphunzitsi. Akalumbira kuti bikoni sanaigwirepo na manja yake, komanso sadziwa kwamene ili, ine nizalemba kuti madzi anatenga. Nkhani izathera pamenepo."

Mitima ya anthu inakhala pansi. Ennie anachita kuseka, misozi isanaume. Onse anabwerera m'tchalitchi, ndipo a Jairos, monga mkulu wa mpingo ndiponso mwini ntchitoyo, anawaimika pambali pa magome, phewa ndi phewa ndi Benson.

Edmund anayenda pakati pa mipando pang'onopang'ono ngati akuwoloka madzi a ng'ona. Atafika anatukula dzanja lamanja, ndipo dzanjalo linapita lokha ku gome lachiwiri. Linaima pafupi kwambiri ndi mwala, osaukhudza. Thukuta linatsika m'khosi mwake. M'tchalitchi munangomveka mavu padenga ndi nyenje panja. Sanawayang'ane apongozi ake. Sanayambe wawayang'anapo, ndiye akanayamba lero?

Dzanja linatsika.

"Sindingathe," anatero.

"Atate ake Alice!" anakuwa Ennie. "Lumbirani! Simunazule, mwanena nokha!"

"Chifukwa chani sungathe?" anafunsa Benson. "Unaigwira? Uli na munzako? Kamba, mwana, nikuthandize."

"Palibe chimene ndinganene, bwana."

Mlendo akhoza kunena kuti mnyamatayo anapusa. Koma kuno mkamwini satchula mpongozi wake pagulu kuti ndiye watenga chinthu. Kumeneko n'kuvula munthu amene anakupatsa mkazi, munda ndi malo omangapo nyumba, ndipo wochita zimenezo amanyamula mphasa yake tsiku lomwelo, anthu akumulavulira m'mapazi. Kulumbira monama, dzanja lili pa mwala umene anaunyamula yekha paphewa, sakanathanso. Chinamutsalira chinali kukhala chete, ndipo m'buku la Boma kukhala chete kumalembedwa kuti wavomera.

A Jairos anadziuza kuti Benson akangowatembenukira n'kuwafunsa, anena zonse. Benson sanawafunse. Angafunsenso mkulu wa mpingo za mwala wobedwa?

Benson anamumanga Edmund manja ndi chingwe pakhomo la tchalitchi, Ennie akugubuduka pafumbi. Ponyamuka, njira yopita kukampu inadutsa pomwe panaima a Jairos. Edmund anakoka chingwe pang'ono, napatuka panjira, nanjuta, maso pansi. Kuwomba m'manja sakanatha, choncho anangogundanitsa zala zake zomangidwazo kawiri. A Jairos anamva manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire, komabe pakamwa sipanatseguke.

Lolemba anadziuza kuti mzungu akamva nkhani yonse amumasula, poti umboni panalibe. Lachiwiri anadziuza kuti miyezi isanu ndi umodzi si imfa, mnyamata ndi wamphamvu, pomwe magome akachoka m'khoma chikhulupiriro cha midzi isanu chigwa nawo. Maganizo amenewa ankaoneka anzeru m'mawa, koma pofika masana ankanunkha. Kum'mawa mitambo inayamba kuunjikana, yakuda kunsi, n'kumabalalika dzuwa likapendeka. Mphepo yotentha inkazunguza fumbi pabwalo, ndipo nang'omba zija zinasendera mpaka kuminda ya kuseri kwa nyumba.

Lachitatu masana Ennie anawabweretsera madzi akumwa, nagwada. Maso ake anali atatupa.

"Atate, inu Mulungu amakumverani. Pempherani kuti amene akudziwa za mwalawo alankhule. Amuna anga akubisa munthu, ndikuwadziwa ine. Koma munthu wakeyo ndi wotani, wogona tulo mnzake ali pachingwe?"

A Jairos analandira chikho. Ennie atachoka, a Tabeth, amene ankapeta mapira chapafupi, anaika lichero pansi.

"Atate ake Ennie, ine ndinakhala nanu ku migodi zaka zisanu ndi ziwiri. Malaya a munthu wogwira simenti ndimawadziwa, madzi ake amalusa m'manja. Miyezi iwiri ija ndinkachapa malaya anu."

"Ndiye unadziwa?"

"Ndinadziwa, ndipo ndinavina nawo tsiku lotsegula. Tchimo langa ndi limenelo. Koma mwana wa eni ake uja anabwera pakhomo pano ndi mphasa yokha, akudalira ife. Mwamusandutsa njerwa yotsekera dzenje lanu."

"Mpingo udzati chiyani?"

"Mpingo udzanena zimene udzanene. Ine ndikufunsa za Alice, kuti akadzakula mudzamuuza nkhani ya Mose ija ndi pakamwa pati."

Anatola lichero napitiriza kupeta. A Jairos anawerenga masiku pa zala: lole ndi ya Lachisanu, mawa ndi Lachinayi. Tsiku linalipo lokwanira, ndipo anathokoza Mulungu chifukwa cha tsiku limenelo ngati kuti linali lawo.

Lachinayi dzuwa litangotuluka analowa m'tchalitchi ndi chitsulo chawo chija ndi mtolo wa luzi. Anakumba dothi kuzungulira gome lachiwiri. Ntchito yawo inali yolimba, anamanga kuti zidzukulu zidzaipeze, ndipo inawatengera nthawi yaitali kuposa mmene ankaganizira. A Langford anamva kugogoda nabwera akuthamanga, malaya osamanga mabatani.

"A Jairos! Mwapenga kodi?"

Gome linasunthika, linapendekeka, ndipo a Jairos analilandira pachifuwa n'kulitsamiritsa pa guwa, msana wake uli poyera. Anapala dothi louma ndi chikhatho. A Langford anawerenga zilembo ziwiri zija ndi nambala, nakhala pansi pa mpando wa ana osadziwa kuti akhala.

"Ndipo ine ndi amene ndinamuuza kuti alumbire," ananong'ona.

"Mlandu si wanu, aphunzitsi. Ndithandizeni kumanga."

Anawabereka mwalawo kumsana ngati mwana, luzi litadutsa pamapewa ndi pachifuwa. A Jairos anasankha okha kuti Malamulo atsamire pamsana pawo, nambala iyang'ane kunja. Potuluka anacheuka kamodzi. Gome loyamba, la munthu ndi Mulungu wake, linali litatsala lokha, pambali pake pali dzenje lakuda mmene chiswe chinali chitayamba kale njira zake.

Anadutsa pakati pa mudzi, osazemba. Amayi anasiya misi ili m'mitondo. Amuna amene ankasoka ukonde pamthunzi anaimirira mmodzimmodzi, ndipo palibe amene anapereka moni. Ennie anali pachitsime; sukulu anaphunzira pang'ono, yokwanira kuwerenga manambala awiri. Anayang'ana mwala, nayang'ana bambo ake.

"Atate," anatero.

Iwo sanaime, chifukwa akanaima sakananyamukanso.

Kukampu unali ulendo wa maola anayi kwa munthu wopanda katundu. Njira inadutsa m'nkhalango ya tsanya yopanda tsamba, mitengo yothyoledwa ndi njovu ili mbuu ngati mafupa. Akashembe anawapeza msanga, ndipo analuma momasuka poti manja onse awiri anali pa luzi. Thukuta linanyowetsa malaya, mwala ukukhuza msana pa phazi lililonse. Kawiri anagwada n'kutsamira chulu kuti apume. Kum'mawa mitambo ija lero sinabalalike. Inakwera mpaka inameza dzuwa, nyenje zonse n'kukhala chete nthawi imodzi.

Atatulukira pabwalo la kampu, chinthu choyamba kuchiona chinali mapazi a matayala pafumbi, mizere iwiri yatsopano yolowera kumsewu wa kumtunda. Pansi pa mtengo pomwe ankamangirira akaidi panali chingwe chokha ndi chikho.

Benson anatuluka m'nyumba yake akutafuna. Ataona nkhalamba yopindika ndi katundu, anaizungulira kuti aone chimene yabereka, ndipo kutafuna kunaima.

"Ali kuti mkamwini wanga?" anafunsa a Jairos. "Lole ndi ya mawa. Munanena kuti Friday."

"Inabwera dzulo. Dalaivala anaona mitambo, anati akagona masiku awiri muno azatuluka mu April. Anyamuka naye lero pa six koloko, na Bwana wamene." Mawu a Benson anakwera. "Mdala, munali pamenepo! Munaimirira pafupi na ine, phewa yanu inali kugunda yanga!"

"Ndinali pomwepo."

"Ndiye mwana uja anali kubisa imwe?"

"Anali kundilemekeza," anatero a Jairos, ndipo mawuwo anawawawa kuposa luzi.

Benson anawathandiza kutsitsa mwalawo. Utagona pansi chagada, onse awiri anauyang'ana. Mwaye wonse unali utachoka. Zilembo zinatsala maenje otuwa, osawerengeka pokhapokha munthu atawerama. Kuda kwake konse kunali pa malaya a a Jairos, kutapakika kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno.

"Lembani kalata," anapempha. "Nenani kuti mwala wapezeka, ndipo wakuba ndine."

"Kalata nizalemba, koma izayenda na chani? Mvula iyi ikagwa, mitsinje yonse ya panjira izadzala, galimoto kulibe mpaka April. Mulandu ni pa Tuesday ku Fort Jameson. Ndipo pepala ya gemugadi chabe, yotsutsana na mawu ya Bwana, khoti siizamvera. Afuna aone chinthu na maso."

"Wapansi amayenda masiku angati?"

"Four days, munthu wamphamvu, wosanyamula kanthu." Benson anawayang'ana miyendo, yoonda, yotupa ndi akashembe. "Imwe simuzafika, mdala. Kuli mikango ku Lupande uko. Ine siningasiye kampu."

A Jairos anatembenuka, nagwada, napereka msana. Benson analowa m'nyumba, nalemba kalata yake, naikulunga m'kachikopa n'kuwamangirira m'khosi. Anawapatsa chigubu cha madzi ndi nyama youma pang'ono. Pomanga luzi anaika chipewa chake chakale pakati pa mwala ndi msana pomwe khungu linali litasupuka.

"Nyamukani tione."

Anayesa koyamba, mawondo anakana. Anayesa kachiwiri atagwira mtengo, naimirira akunjenjemera. Mwala unali womwewo, luzi lomwelo, koma kulemera kwake sikunali kwa m'mawa kuja. Sanadabwe. Panalibe woti awafotokozere chifukwa chake, popeza nkhaniyo anali ataikamba okha zaka makumi awiri, pamaliro ndi paukwati, anthu akuyasamula.

Bingu linagunda kutsidya kwa Luangwa, ndipo madontho oyamba anagwa akuluakulu, akuboola fumbi. A Jairos analowa mumsewu, maso ali pa mapazi a matayala. Anayenda mowerama, akuwerenga mumtima: Lachisanu, Loweruka, Lamlungu, Lolemba. Mvula inakula. Patsogolo pawo mizere iwiri ija inayamba kusungunuka m'matope, ndipo anafulumiza mwendo kuti aione isanathe.